Kunsi kwa Land Rover ya amalume

Ife kuno galimoto timaiweruza ndi makutu. Munthu akafuna kugula yakale amati, "Tailizani timve." Ikalira bwino, utsi osachuluka, magiya n'kumalowa osakukuta, malonda atheka. Amakaniko athu nawonso luso lawo lagona pa zinthu zolira ndi zozungulira, ndipo pamenepo ndi osayamba. Ndinaonapo injini yoti kwina akanaipereka kwa ogula zitsulo zakutha ikudzutsidwa pansi pa mtengo wa mango, masipanala ake osakwana n'komwe. Koma pali gawo lina la galimoto lomwe sililira, silizungulira, silidontha mafuta, chonsecho ndi limene lasenza zina zonse. Ndi chasisi. Ogula ochepa amagwada kuti asuzumire kumeneko, ndipo ambiri mwa ogwadawo akaona kuti n'kwakuda bii ndi penti amadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, mtima uli m'malo.

Galimoto imene inandigwaditsa ine ndi Land Rover Series III yaitali ija, ya mainchesi 109 kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika yakumbuyo, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Mtundu umenewu ankaupanga ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiye ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitalemo lero ndi nkhalamba. Yathuyi amalume anaigula itatopa kale, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo sanaipatse mpumulo. Inanyamula chimanga, nthochi, njerwa, amayi oyembekezera usiku, maliro, ndiponso matumba a feteleza chaka ndi chaka mitambo ikayamba kusonkhana. Iwo atatisiya, pogawana katundu inagwera ine. Sikuti ankandikonda kuposa anzanga. Ena onse maso anali pa mbuzi ndi malata.

Anthu a msinkhu wanga Land Rover timaikumbukira pawiri. Inali ambulansi ya chipatala cha mishoni, yofika kumene msewu unathera kalekale. Inalinso galimoto ya apolisi m'nthawi ya Kamuzu, yoti ikaima pamudzi madzulo ngakhale agalu ankadziwa kukhala chete. Mwina n'chifukwa chake timaiyesa chinthu chosafa. Ndipo ikaima pabwalo imaonekadi yosafa, pa chifukwa chomwe chinayamba ndi umphawi wa dziko la eni ake.

Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu Epulo 1948, patangopita zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Chitsulo ku Britain chinali chosowa, boma n'kumachita kugawira makampani moyeza, pomwe aluminiyamu anali wopezekako. Choncho a Maurice Wilks ndi anzawo a ku kampani ya Rover anaveka galimotoyo bodi ya aluminiyamu wosakaniza, wotchedwa Birmabright. Aluminiyamu akakumana ndi mpweya amamera kakhungu kopyapyala pamwamba pake, kakhunguko n'kutseka njira, kuwonongeka n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake madigadi ndi mbali za Land Rover zimatha kupindika, kusuluka penti, kukhala ndi zipsera za miyala, koma osabooka ndi dzimbiri. Ukaiyang'ana chapatali umati yakalamba bwino. Koma chasisi inayenera kukhala yachitsulo basi.

Kapangidwe kake nako kanachokera ku kusowa komweko. Ndalama zogulira makina akuluakulu opindira chitsulo panalibe, ndiye anangodula mizere inayi ya chitsulo chafulati n'kuiwotcherera m'makona, kutuluka bokosi lalitali la mphako m'kati. Mabokosi awiri otere agona m'litali mwa galimoto, zitsulo zina zopingasa n'kuwalumikiza, ndipo m'mbali mwatuluka timikono tomwe bodi imakhalapo. Chitsulo chake n'chopyapyala modabwitsa, mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu ili m'kaumbidwe ka bokosiko: salola kupotoka galimoto ikaponda dzenje ndi teyala limodzi. Malole ambiri chasisi yawo ndi yotsekula mbali imodzi, matope akalowa amagwanso okha kapena kutsukika. Bokosi lotseka limalandira madzi ndi matope kudzera m'mabowo a mabauti ndi mawaya, koma kubweza silidziwa.

Dzimbiri silifuna zambiri: chitsulo, madzi ndi mpweya. Ku Thyolo zimenezi n'zosasowa. Mvula ikakata, chiperoni chimalowa m'malo mwake m'miyezi yozizira, ndipo dothi lofiira lomwe lalowa m'bokosi muja silipeza mpata wouma. Limakakamira pansi, pomwe dzuwa ndi mphepo sizifika. Kusiyana ndi kakhungu ka aluminiyamu kaja, dzimbiri siliteteza chitsulo chomwe lakhalapo. Limafufuma, limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya, limakanganuka makokomakoko, ndipo khoko lililonse limasunga madzi oti adye chapansi pake. Pakapezeka mchere, ntchitoyo imathamanga. Kuno sitithira mchere m'misewu, koma tili ndi wathu: feteleza. Wa 23:21:0+4S uja, CAN, ngakhale urea, amakoka chinyezi mumpweya n'kusungunuka. Thumba likabooka pang'ono, timibulu timalowa m'ming'alu ya pansi pa bodi, mvula n'kutitsitsira pa chasisi. Amene anaonapo mmene feteleza amathera wilibala akudziwa chomwe ndikunena.

Chizindikiro choyamba chinali chaching'ono. Chitseko chakumbuyo chinayamba kuvuta kutseka galimoto ikalemedwa, koma ikakhala yopanda katundu n'kumatsekeka bwinobwino. Makaniko wanga wa masiku onse, munthu wodziwa injini, anaganizira mahinjesi, komabe anawonjezera kuti ndikaonane ndi madala ena owotcherera ku Ndirande, amene amapanga ngolo.

Madalawo sanafunse za injini. Sanafune n'komwe kuti ndiilize. Anatenga kanyundo ka mutu wosongoka, n'kuyala katoni pansi, n'kulowa chagada. Ine ndinkangomva nyundo. Kutsogolo inkati ngwe, ngwe, mawu akuthwa. Atadutsa pakati mawu anayamba kufa, n'kumati phu, phu, ndipo pena pake nyundo sinabwerere, inalowa. Anatulutsa dzanja lodzaza makoko ofiirira osakanikirana ndi dothi, n'kundikhuthulira m'manja.

"Galimoto yanu ndi imeneyi, bwana," anatero. "Zinazo ndi penti."

Ndinati koma kunsiko kumaoneka kwabwinobwino, kwakuda kosalala. Anaseka. "Chikomekome cha mkuyu," anatero, osavutika n'kumaliza. Wina m'mbuyomu, mwina amalume asanaigule, anapaka phula lokhuthala pamwamba pa dzimbiri, ndipo pamalo ena anatseka bowo ndi kachidutswa ka lata n'kumata ndi fila. Phula likauma limang'aluka, madzi n'kulowa kuseri kwake, dzimbiri n'kumadya mwamtendere popanda woliona. Kutsogolo kunapulumuka pa chifukwa choseketsa: injini imeneyi yakhala ikudontha oyilo moyo wake wonse, mphepo n'kumamuwaza pa chasisi. Chilema chomwe amalume ankadandaula nacho m'mawa uliwonse ndi chimene chinasunga theka la galimoto yawo.

Kenako anandifunsa funso lomwe silinandichoke m'mutu mpaka lero. "Mukufuna ya COF, kapena yoti mukweremo ndi ana anu?" Sanafunse monyoza. Zonse ziwiri amazidziwa, ndipo mitengo yake yatalikirana kwambiri. Ya COF ndi ya tsiku limodzi: kudula chigamba, kuchiphatika pamwamba pa dzimbiri, kuchigwiritsa ndi timadontho ta moto m'makona, kupaka phula, mawa lake n'kupita kukayezetsa. Woyeza naye ndi munthu, maso ake sangaboole bokosi. Inayo ndi ya masabata, bodi itachotsedwa, chasisi ili poyera.

Sindingawaweruze amene amasankha yoyambayo. Munthu wa matola, amene galimoto yake ikagona tsiku limodzi pakhomo pamagona njala, ukamuuza za masabata amaona ngati ukumuseka. Mawu akuti "bola ikuyenda" atifikitsa kutali, ndipo pa zambiri ndi mawu anzeru. Kabuleta yomangidwa ndi waya, paipi yokulungidwa ndi legeni, zimenezi zikakanika galimoto imangoima, anthu n'kutsika kukankha kwinaku akutukwana dalaivala. Injini imafera poyera, ndipo kawirikawiri imayamba yachenjeza. Chasisi ndi ina. Masipuling'i onse anayi amangiriridwa pa iyo. Pa Series III, kachipangizo kopereka mphamvu ya chiwongolero ku mateyala kakhala m'kati mwa chitsulo chopingasa chakutsogolo. Mapaipi a mabuleki ayenda m'mbali mwake. Kakhutu kogwira sipuling'i kakathothoka, ekiselo imasuntha, galimoto n'kukhota yokha. Ndipo sikathothoka pamalo osalala uli pang'onopang'ono. Kamathothoka pomwe kalemedwa kwambiri: pamtsetse wotsikira ku Chikwawa, mabuleki atapondedwa, kumbuyo kuli matumba, anthu atakhala pamwamba pa matumbawo. Anthuwo palibe anawafunsa kuti asankhe pakati pa mitengo iwiri ija.

Chigamba cha pamwamba chilinso ndi vuto lina, chimafulumizitsa matenda omwe chabisa. Pakati pa chitsulo chatsopano ndi chakale pamatsala kampata komwe madzi amalowa osatulukanso. Moto wowotcherera nawo sugwira pa dzimbiri. Umalavula, umasiya timabowo, msoko n'kumaoneka ngati wagwira pomwe wangokhalapo.

Tinagwirizana ntchito yachiwiriyo. Kumasula bodi kunadya nthawi, chifukwa pomwe bauti lachitsulo ladutsa mu aluminiyamu, zitsulo ziwirizi zikanyowa zimadyana, ndipo wogonja ndi aluminiyamu, amene amasanduka ufa woyera wozinga bautilo. Mabauti ambiri anachita kudulidwa. Thanki ya petulo, yomwe pa galimoto imeneyi ili kunsi kwa mpando wa dalaivala, anaichotsa n'kukaiika kuseri kwa mpanda. Yopanda kanthu ndiye yoopsa kuposa yodzaza, popeza chomwe chimaphulika ndi mpweya wa petulo wotsalira m'katimo. Batire nalo kunja. Kenako madala anaitana mnyamata wawo: "Iwe, solola mawaya aja." Mawaya opita ku nyali zakumbuyo adutsa m'kati mwenimweni mwa bokosi la chasisi, ndipo wowotcherera wosadziwa zimenezi amawaphika osawaona, mwini galimoto n'kudzadabwa usiku.

Asanadule kalikonse anayeza. Anakhazika chasisi pa zitsa zolingana, n'kukoka tepi kuchokera pakona yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo, manambala n'kulemba ndi choko pakhoma. Anawotcherera zitsulo zongogwirizira pakati pa mabokosi awiri aja kuti asatayane akadulidwa. Chasisi ikapotoka ngakhale pang'ono, galimoto imayenda cham'mbali, mateyala n'kumatha mbali imodzi, ndipo mabowo a bodi sakumananso ndi anzawo.

Kudula n'kosavuta, gilayinda imadula chilichonse. Chovuta n'kudziwa polekera, ndipo ntchito yonseyi yagona pamenepo. Bowo lomwe nyundo inaboola linali longolowa chala, koma madala anajambula ndi choko malo aakulu kuposa chikhatho. Atadula n'kuyang'ana m'mphepete mwake anapukusa mutu, n'kujambulanso. Popeza dzimbiri layambira m'kati, bowo lakunja ndi pomwe lamalizira ntchito; mozungulira monsemo chitsulo chapyapyala kale ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Iwo ankafuna m'mphepete monyezimira, mokhuthala monga chinalili chitsulocho chili chatsopano. Mwini galimoto amaima pambali mtima ukuwawa, chifukwa sentimita iliyonse yowonjezera ndi ndalama, ndipo amayamba kuganiza kuti mmisiri akukulitsa ntchito dala. Mmisiri naye amadziwa kuti akuganiziridwa zimenezo. Palibe makina oweruza pakati pa awiriwa, ndipo ndikuganiza kuti zigamba zambiri zabodza zimabadwira pamenepa, mmisiri atatopa ndi nkhope ya mwini ndalama n'kungoti tilekere pompa. Madala aja anali ndi njira yawo. Chidutswa chilichonse chomwe adula ankandipatsa kuti ndichipinde ndi zala. Chikapindika, panalibenso zokambirana.

Chitsulo chopingasa chakumbuyo, chija chokokerapo ngolo, sichinali choti n'kuchikonza. Chimalandira matope onse omwe mateyala akumbuyo amaponya, ndipo feteleza wotsika pa bodi amathera pomwepo. Anachipanga chatsopano, pamodzi ndi timikono tomwe tinadyeka. Poyamba ankadula katoni, kuiyesa pamalopo, kuimetameta mpaka itakhala bwino, kenako n'kujambula pa chitsulo. Ndikuonerera ndinazindikira kuti umphawi wa ku Britain wa 1948 uja unatisiyira mphatso yomwe eni ake sanaiganizire. Chinthu chomwe chinapangidwa ndi zitsulo zafulati chifukwa chosowa makina, munthu wosowa makina angathe kuchipanganso. Defender yakale, yomwe inalowa m'malo mwa Series III, inasiya kupangidwa pa 29 Januwale 2016 idakali ndi chasisi ya bokosi. Yatsopano, yomwe amapangira ku Nitra m'dziko la Slovakia, ilibe chasisi yapayokha; thupi lonse ndi chigoba chimodzi cha aluminiyamu. Anthu amati ndi galimoto yabwino, ndipo sindikukana. Koma ikadzakalamba sidzapeza thandizo ku Ndirande.

Ndinafunsa chifukwa chake sankaikapo chitsulo chokhuthala kuti nkhani itheretu. Pabwalopo panali zidutswa za mamilimita 6 mbwee. Anakana. Chasisi, anati, imapuma: galimoto ikamayenda m'mabampu imapindika pang'ono n'kubwerera, m'litali mwake monse. Ukaika chidutswa cholimba gwa pakati pa chitsulo chopyapyala, kupindika konse kumasonkhana m'mphepete mwa chidutswacho, mng'alu n'kuyambira pomwepo. Pa chifukwa chomwecho sankadula mzere woongoka kuchokera pamwamba kufika pansi pa bokosi. Ankadula mopendekera, makona n'kuwazunguliza, kuti msoko utalike ndipo kulemera kugawike. Chigamba chinkalowa m'bowo ndendende, osati kukhala pamwamba, n'kuwotchereredwa kuzungulira konse osasiya mpata.

Kuwotcherera chitsulo chopyapyala chonchi ndi ndodo si masewera. Moto ukachuluka pang'ono umaboola, ukachepa ndodo imakakamira. Kumene zida n'zosavuta kupeza, ntchito yotere amaigwira ndi makina a MIG, a waya ndi gasi. Madala anali ndi thiransifoma yawo yolemera ndi ndodo za 6013 za mamilimita 2.5. Ankawotcha pang'ono apa, n'kudumphira mbali ina, n'kudikira pazizire, chifukwa msoko ukamazizira umakhwinyata ndipo umatha kukoka chasisi yonse n'kuikhotetsa. Akamaliza ankagogoda makoko a pamwamba pa msoko n'kuuyang'anitsitsa. Pokayikitsa ankapala ndi gilayinda n'kubwereza. Magetsi akazima masana ntchito inkaima, akayaka usiku anthu ankadzuka. Mnyamata wawo ankagwirizira zitsulo atavala magalasi adzuwa a pamsika, omwe satchinga kuwala kwa moto umenewu. M'mawa mwake ankabwera maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akuti muli mchenga. Pa mtengo womwe tinanenererana ndi madala maso a mwanayo sanawerengedwemo, ndipo ndikukayika ngati amawerengedwa pa geti, pa zitsulo za m'mawindo kapena pa bedi lililonse lachitsulo lomwe timagula m'mbali mwa msewu.

Malo amodzi anawazunguliza ndi choko n'kuletsa gilayinda kufikapo. Nambala ya chasisi pa Land Rover zimenezi inadindidwa pa kakhutu kogwira sipuling'i yakutsogolo kumanja, ndipo ndi nambala yomwe ili m'bulubuku. Pamaso pa boma, galimoto ndi kachitsulo kameneko. Kathu kanapulumuka chifukwa cha oyilo uja. Kakanadyeka, tikanakhala ndi galimoto yolimba kuposa kale koma yosowa dzina, ndi ulendo wautali wa m'maofesi. Zimandiseketsa kuti pa zonse zomwe galimoto imeneyi inachita m'manja mwa amalume, chomwe lamulo limazindikira ndi manambala oti kuwawerenga mpaka utapala ndi bulashi ya waya.

Kwawo kwa galimotozi vutoli ndi lalikulu kuposa kuno. M'nyengo yachisanu misewu ya ku Britain amaithira mchere kuti madzi asaundane, wambiri wochokera mumgodi wa ku Winsford ku Cheshire, ndipo madzi amcherewo amalowa m'bokosi momwe dothi la ku Thyolo linalowera. N'chifukwa chake pa mayeso a chaka ndi chaka omwe amati MOT woyeza amakhala ndi kanyundo kake, ndipo dzimbiri lofooketsa chitsulo pa mtunda wosapitirira masentimita 30 kuchokera pomwe pamangiriridwa sipuling'i, chiwongolero, mabuleki kapena lamba wapampando limalepheretsa galimoto. Chigamba chogwira ndi timadontho sachilola, chiyenera kuwotchereredwa kuzungulira konse. Lamulo la ku Britain ndi madala a ku Ndirande akunena chimodzi, ngakhale sanakumanepo. Ndiye abale athu a ku Leeds kapena ku Manchester akamatitumizira galimoto yotsika mtengo ya injini yabwino, si mwano kufunsa chomwe chatsitsa mtengowo. Zochokera kumpoto kwa Japan, kumene kumagwa chipale chambiri, nazo zimafika pa Songwe kapena pa Mwanza zitamwa kale mchere wawo. Komanso si nkhani ya galimoto zakalekale zokha. Mu 2016 kampani ya Toyota inavomera ku America kulipira ndalama zofika madola 3.4 biliyoni pa mlandu wa chasisi zochita dzimbiri za Tacoma, Tundra ndi Sequoia, galimoto pafupifupi 1.5 miliyoni.

Ku Britain komweko, amene chasisi yake yatheratu amangogula yatsopano yoviikidwa mu zinki wosungunuka, wotentha madigiri pafupifupi 450. Ndi zinki yemweyo amene amateteza malata athu ofolera nyumba, amadyeka iye chitsulo n'kutsala. Kuitanitsa chasisi yotere mpaka ifike ku Blantyre ndi nkhani ya anthu opata, osati ine. Madala anandichenjeza kuti ndisawabweretsere zitsulo zokutidwa ndi zinki zoti awotcherere, chifukwa utsi wake woyera umadwalitsa: usiku munthu amanjenjemera, mutu kuwawa, kumayesa malungo. Owotcherera ambiri amati mkaka umachotsa poizoniyo, ndipo amaupempha pamwamba pa malipiro. Mkaka umapita m'mimba pomwe utsi wapita m'mapapo, koma sindinaone chifukwa chokanganirana kapu ya mkaka ndi munthu amene waweramira moto tsiku lonse. Chomwe chimathandiza n'kupala zinkiyo pamalo owotcherapo ndi kugwirira ntchito pamphepo.

Misoko itatha, kunja anapala mpaka chitsulo kuyera, n'kupaka penti wofiira uja woyambira, kenako wakuda wopyapyala, woti dzimbiri likabwerera lionekere. Phula tinalikana tonse. M'kati ndi momwe munali nkhani. Anaboola timabowo pansi pa bokosi, pamalo otsika pomwe madzi amaima, kenako n'kupopera mafuta m'kati monse ndi kapaipi kakatali. Ena amathira oyilo wakutha wa mu injini chifukwa ndi waulere. Amagwiradi ntchito, koma amafewetsa mphira wa m'mabushi, ndipo amadontha pabwalo pomwe ana amasewera ndi nkhuku zimatola. Ife tinasakaniza girisi ndi oyilo watsopano. Zimenezi si za kamodzi. Mvula ikatha pamafunika kulowetsa paipi ya madzi m'mabowomo mpaka otuluka ayere, kudikira muume, n'kupoperanso. Feteleza tsopano amakwera pa lona, ndipo akatsika bodi imatsukidwa tsiku lomwelo, zomwe abale anga amaziyesa matama.

Ndalama zomwe zinalowa pa ntchitoyi sindingazibwezere nditaigulitsa. Wogula sangaone kusiyana kwake ndi ya phula ija, mwinanso ya phulayo ingamukope kwambiri chifukwa imanyezimira. Msika wathu wa galimoto zakale umalipira penti, sulipira msoko. Azakhali anga ananena poyera kuti ndalamazo zikanakhala poyambira pabwino pogulira kagalimoto ka ku Japan kosamwa mafuta, ndipo masamu awo ndi olondola. Kungoti kagalimoto kameneko sikangakwere kumudzi kwathu mu Febuluwale, pomwe matenda ndi maliro sizidikira kuti msewu uume.

Tsiku lobwezera bodi mabowo anakumana, ena atangokhudzidwa pang'ono ndi tupa. Chitseko chakumbuyo chinatsekeka ndi chala. Ndikuwerenga ndalama zotsala, madala anatsegula chitseko cha dalaivala n'kukweza mphira wa pansi pa mapedulo. Khoma lolekanitsa injini ndi anthu, lomwe lagwira mapedulo, galasi lakutsogolo ndi zitseko, nalo ndi lachitsulo, osati la aluminiyamu. Analasa pakona ndi sikuludiraiva, ndipo inalowa mosavuta.

"Ili ndi la mukagulitsa chimanga," anatero. "Koma musadutse Okutobala."

Ndinawafunsa mtengo. Anati tidzakambirana akadzayamba kudula. Ndinapempha kuti pa ntchito imeneyo mnyamata adzakhale ndi chotchinga kumaso chakechake. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mnyamatayo, n'kunena kuti ndidzabwere nacho ndine, pamodzi ndi magalasi ake akuda apadera, chifukwa amasweka.